Magazini ya nyimbo ya ana a sekondale: ndiyale bwanji masamba, nanga aigula?

Funso la lero lachokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba amene amapanga maposter a mashoo ndi makhadi a ukwati pakompyuta. Walemba motere:

"Bambo, ine ndi anzanga awiri tikufuna kuyambitsa magazini ya nyimbo ya achinyamata a zaka 13 mpaka 18, makamaka a kusekondale. Nkhani tili nazo, ndipo oyimba ena avomera kale kucheza nafe. Vuto ndi loti ndikakhala pakompyuta kuti ndiyale masamba, zotuluka zake zikumaoneka ngati buku la Social Studies. Ndikawonjezera mitundu ndi zilembo zokhotakhota, zikumasanduka poster ya disco. Anthu ena akundiuza kuti ndikungotaya nthawi chifukwa ana a masiku ano ali pa TikTok, sawerenga. Ndalama zathu n'zochepa. Ndiyambire pati? Tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Nanga mawu a nyimbo ndi zithunzi za pa Facebook tingaziike?"

Achemwali, mtima m'malo. Zimenezi zimachitikira aliyense amene wazolowera poster n'kuyamba magazini. Poster munthu amaiona akudutsa, ndiye imayenera kukuwa. Magazini imakhala m'manja, munthu amaitsegula, kuitseka, mawa n'kuibwereranso. Tsamba lililonse likamakuwa, maso amatopa, ndipo pakasowa tsamba lokuwa mumapeza buku la kusukulu lija. Dzanja muli nalo kale, chatsala n'kudziwa tsamba loti likuwe ndi loti liyankhule motsitsa. Koma tiyambe ndi anthu akukufooketsaniwo, chifukwa mukawayankha bwino, kayalidwe ka masamba kadziwika kokha.

Mbali ina akunena zoona. Ku Britain kunali magazini ya achinyamata yotchedwa Smash Hits, imene Nick Logan anaiyambitsa mu 1978. Posakhalitsa inayamba kutuluka pakatha sabata ziwiri zilizonse, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inafika pogulitsa makope oposa theka la miliyoni ulendo umodzi. Ana ankaigulira mawu a nyimbo, maposter, ndi mafunso achibwana amene atolankhani ake ankafunsa oyimba otchuka. Intaneti itayamba kupereka zonsezo kwaulere, malonda anatsika mpaka inatsekedwa mu 2006. Choncho mukafuna kupikisana ndi foni pa kufulumira kwa nkhani, mwagonja musanayambe. Woyimba akatulutsa nyimbo m'mawa, masana aliyense wadziwa.

Koma mwana wa ku London amakhala ndi foni m'thumba tsiku lonse. Wa kuno pasukulu yogonera komweko, m'masukulu ambiri akapezeka ndi foni amalandidwa, mwinanso kubwezedwa kunyumba kukatenga makolo. Teremu yonse nyimbo amazimva Loweruka pa nthawi ya zisangalalo, kapena kwa mnzake amene wangobwera kumene kuchokera kutauni. Wa pa CDSS ya kumudzi amabwereka foni ya achimwene ake, ndipo bandulo ikatha TikTok yathera pomwepo. Owerenga anu ndi amenewo. Kope limodzi lidzayenda hositelo yonse, lidzabisidwa mkati mwa kope la Biology nthawi ya pulepu, lidzathotholedwa masamba n'kumatidwa pa loka. Yalani masamba anu mukuganizira manja amenewo ndi khoma limenelo. Funso loti muzidzifunsa patsamba lililonse ndi loti: kodi pali chimene mwana angafune kusunga apa, kapena kukanganirana ndi anzake?

N'chifukwa chake ine ndimayambira pakati pa magazini, osati pachikuto. Magazini ya A4 yolumikizidwa ndi mawaya awiri pamsana, masamba ake awiri apakati ndi pepala limodzi losadukiza, ndipo mukalizula mumapeza poster ya A3, yotalika masentimita 42 ndi 29.7 m'lifupi. Pamenepo m'pamene pali chuma chanu. Ikanipo chithunzi chabwino koposa, chopanda mawu ambiri, dzina la woyimba ndi kachizindikiro ka magazini pakona basi. Samalani ndi zimene zili kuseri kwa pepalalo, chifukwa poster ikazulidwa zimapita nayo kukhoma. Mukaikako mathero a nkhani yaikulu, owerenga onse obwera pambuyo adzaipeza yoduka. Ikaniko poster ina, kapena malonda, kapena kalendala ya teremu. Ndipo nkhope ya woyimba isagwere pamzere wopindira pomwe pali mawaya, mungamuboole mphuno. Magazini ya ku Germany yotchedwa Bravo inayamba mu 1959 kusindikiza chithunzi cha munthu wotchuka chachikulu ngati munthu weniweni, koma chodulidwa zidutswa, kope lililonse chidutswa chake. Woyamba anali Brigitte Bardot, wochita mafilimu wa ku France. Mwana akafuna chithunzi chonse ankayenera kugula makope onse motsatizana. Nzeru imeneyo sinakalambe, ndipo inu mukhoza kuichita mwachidule ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu m'chaka.

Musanatsegule kompyuta, tengani mapepala wamba, apindeni pakati, muwalowetsane, mulembe ndi pensulo zimene zikhale patsamba lililonse. Mudzaona nokha kuti masamba amayenda anayianayi: 16, 20, 24. Simungakhale ndi masamba 18 pa magazini yamawaya. Poyambira 16 kapena 24 akwanira. Kayendedwe kake kakhale kosinthasintha. Koyambirira tinkhani tifupitifupi toti munthu awerenge ataimirira, monga nyimbo khumi zimene zavuta teremu ino malinga ndi mavoti a owerenga, mafunso asanu ofulumira kwa woyimba, ndi amene watulutsa chimbale. Kenako nkhani yaikulu ya masamba atatu kapena anayi, yotsegulidwa ndi chithunzi chodzaza tsamba lonse ndi mutu waukulu, koma mawu ake oyalidwa modekha pa pepala loyera. Kenako poster. Kumapeto masamba a owerenga: mavesi amene alemba okha, zojambula zawo, kwaya kapena gulu la pasukulu ina, ndi mpikisano. Masamba a owerengawa ndi amene amagulitsa kope lotsatira, chifukwa mwana akaona dzina la sukulu yake lasindikizidwa, kalasi yonse ifuna kuona.

Tsopano chikuto. Muli ndi owerenga awiri, woyamba ndi mwana, wachiwiri ndi amene ali ndi makiyi a geti: ahedi, amatroni, ndi kholo limene likupereka ndalama. Chikuto chikakhala ndi woyimba wagwira botolo la mowa, kapena wovala zoti amatroni akweze nsidze, magazini yanu ithera mu ofesi. Chikakhala chaulemu mopitirira, cha woyimba wovala suti atapinda manja, ana adzati ndi ya a NGO yophunzitsa makhalidwe, ndipo sadzaikhudza. Njira yapakati ndi nkhope. Munthu mmodzi, wojambulidwa chapafupi, maso akuyang'ana wowerenga, akuseka kapena akuchita kanthu kosonyeza khalidwe lake, kumbuyo kwake mtundu umodzi wowala. Dzina la magazini likhale lalifupi, loti munthu aliitanitse pa takishopu mosavuta, ndipo likhale pamwamba chakumanzere, chifukwa ogulitsa amasanjikiza magazini ndi nyuzipepala kotero kuti mbali yapamwamba yokha ndi imene imaoneka. Mitu ya pachikuto isapitirire inayi kapena isanu, umodzi waukulu, inayo yaing'ono. Ndipo lembani poonekera kuti mkati muli poster ya ndani.

Za disco zija zimabwera chifukwa cha mafont ochuluka, ndiye kuti maonekedwe a zilembo osiyanasiyana. Sankhani awiri: wina wonenepa wa mitu, wokhala ndi khalidwe, ndi wina wamba wosavuta kuwerenga wa nkhani. Wachitatu, wooneka ngati wolemba pamanja, mukhoza kumusungira timawu tanthabwala ta m'mbali mwa zithunzi. Mitundu nayo sankhani iwiri kapena itatu pa kope lililonse, muitenge pa chithunzi cha pachikuto, kope lotsatira musinthe. Chisokonezo chimene mumachiona m'magazini akunja a achinyamata chimakhala chokonzedwa. Pansi pake pali mizere yosaoneka yogawa tsamba m'madanga, ndipo zinthu zambiri zimatsata mizereyo, kotero kuti chimodzi chikapendekeka dala chimakopa maso. Mu 1994 David Carson, amene ankayala magazini ya ku America ya Ray Gun, anasindikiza nkhani yonse yocheza ndi woyimba Bryan Ferry m'tizizindikiro ta Zapf Dingbats tosawerengeka, poti inamutopetsa. Anthu a ntchito yathu amaikambabe mpaka lero, koma iye anali ndi owerenga okonda zachilendo ndi ndalama za ku America. Mwana amene wadzimana mandazi kuti agule kope lanu akufuna awerenge liwu lililonse.

Pali chinthu china chimene mabuku ophunzitsa kuyala masamba sanena, chifukwa analembedwera Chingerezi. Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "ndinkangomuyang'anitsitsa" limadya theka la mzere. Mukagawa tsamba la A4 m'madanga anayi opapatiza n'kulamula kompyuta kuti iwongole mizere mbali zonse ziwiri, pakati pa mawu pamatseguka mipata ikuluikulu yonyansa. Gwiritsani madanga atatu, kapena awiri pa nkhani yaitali, ndipo mizere iwongoke kumanzere kokha, kumanja izithera pomwe yathera. Zimitsaninso zoti kompyuta izidula yokha mawu kumapeto kwa mzere, chifukwa imadula motsata Chingerezi, mpaka kulekanitsa n ndi g' mu "ng'oma". Mukafuna kudula, dulani nokha potsata maphatikizo. Musanakonde font, yesani kulemba ŵ. Mafont ambiri okongola aulere alibe chilembochi, ndipo chimatuluka ngati kabokosi kapena chimabwereka maonekedwe a font ina. Pa Google Fonts mupeza ambiri amene ali nacho, ndipo chilolezo chawo chimalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda. Zilembo za nkhani zisachepere 9.5 kapena 10 point. Ana ali ndi maso akuthwa, inde, koma ambiri adzawerenga ndi tochi magetsi atazima.

Za chilankhulo, musadzimange. Nyimbo zimene anawa amamvera, za a Eli Njuchi, Driemo, Onesimus kapena Gwamba, zimasakaniza kale Chichewa ndi Chingerezi, ndiye magazini ikatero palibe chachilendo. Woyimba akayankha m'Chichewa, musiyeni ayankhule momwemo, musamuveke Chingerezi cha mayeso. Chimene ndingakuletseni ndi kukakamiza chilankhulo cha achinyamata m'mawu a mkonzi. Mawu amene ali moto lero, pofika teremu ya mawa ndi a madala, ndipo ana amadziwa msanga munthu wamkulu akamadzichita mnzawo. Mawu otero azituluka m'kamwa mwa oyimba ndi mwa owerenga. Komanso mwana wa zaka 14 amafuna kuwerenga zimene wa zaka 18 akuwerenga, pamene wa 18 sangagwire chinthu chooneka cha ana. Yalani ngati mukuyalira wa Fomu 4, a Fomu 1 atsatira okha. Tizithunzi ta makatuni, timitima ndi tinyenyezi tichepe. Musaganizenso kuti iwo amangofuna nyimbo za chaka chino. Onani mmene Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anatchukiranso pakati pa ana Namadingo atayimba naye mu 2020. Tsamba limodzi la oyimba akale, loyalidwa mwamakono, lili ndi malo ake. Magazini ya Y Mag ya ku Johannesburg, imene inayamba mu 1998 mogwirizana ndi wailesi ya YFM, inakondedwa chifukwa inkatenga nyimbo za kumeneko za kwaito ndi achinyamata ake ngati nkhani yofunika kuilemba mozama, pa nthawi imene akuluakulu ankainyoza.

Zithunzi ndi zimene zimagwetsa magazini zambiri zatsopano. Chithunzi chotengedwa pa Facebook kapena chotumizidwa wamba pa WhatsApp chimakhala chitafinyidwa. Pafoni chimaoneka bwino, pa pepala chimatuluka chamadontho. Uzani wojambula akutumizireni ngati document, ndipo chikhale 300 dpi, ndiye kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula komwe chisindikizidwire. Kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala, RGB, pamene makina osindikizira amagwiritsa inki zinayi, CMYK, ndiye buluu ndi pinki wowala wa pasikirini amatuluka wozimirira. Khungu lathu limafuna chisamaliro chapadera. Pa pepala losanyezimira inki imamwerera n'kufalikira, nkhope n'kuda mpaka maso ndi mphuno kusowa. Mankhwala ake ndi kuwalitsa pang'ono mbali za mthunzi kuti nkhope ioneke, osati kuyeretsa khungu la munthu. Magazini ya atsikana a zaka 15 yoyeretsa oyimba pakompyuta ikuphunzitsa zimene simukufuna kuphunzitsa. Zilembo zazing'ono zikhale za inki yakuda yokha, ndipo pewani nkhani yaitali ya zilembo zoyera pa tsamba lakuda, chifukwa inki zinayi zikaphonyana pang'ono zilembozo zimachita mthunzi. Chithunzi chofika m'mphepete mwa tsamba chipitirire ndi mamilimita 3 kuti mpeni wodulira usasiye kamzere koyera. Pulogalamu yoyalira masamba ndi InDesign ngati mungakwanitse, Scribus ndi yaulere ndipo imagwira ntchito yomweyo. Canva ndi yabwino pa zapafoni, koma nkhani zazitali imavuta.

Pitani kwa osindikiza musanayale tsamba ngakhale limodzi, mukacheze ndi munthu amene amakonza mafayilo asanalowe m'makina. Iyeyo akuuzani kukula kwa pepala limene ali nalo ndi mmene akufunira PDF yanu. Makope ochepa amatchipa pa makina a digito, koma akachuluka makina a mapuleti ndi amene amatsitsa mtengo wa kope limodzi. Njira yopulumutsira ndalama ndi kusindikiza chikuto ndi poster m'mitundu yonse pa pepala lonyezimira, masamba enawo n'kukhala a inki yakuda ndi mtundu umodzi pa pepala wamba la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). Ikayalidwa mwadala, magazini yotero imaoneka yamakono ndithu. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imasintha msanga, ndiye funsani kuti kotesheni yawo ikhala masiku angati. Musavomere kuti asindikize zonse musanaone kope loyeserera pa pepala lenilenilo. Ndipo m'malo motuluka mwezi ndi mwezi, yambani ndi kamodzi pa teremu, sabata zoyambirira ana akadali ndi ndalama za m'thumba. Nthawi ya mayeso a MSCE ndi JCE palibe akuganiza za poster.

Zapafoni musazitaye, koma musangotenga PDF ya A4 n'kuiponya pa WhatsApp. Palibe amene amakonda kukokakoka tsamba ndi zala. Dulani tizidutswa toimirira ta mapikselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali toyenera pa status, mawu ochepa, fayilo yopepuka, toti tikope anthu a patchuthi kukafuna kope lenileni.

Mawu a nyimbo ndi zithunzi zili ndi eni ake. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza wopeka nyimbo komanso wojambula chithunzi, ndipo kupezeka kwa chinthu pa intaneti sikutanthauza kuti ndi chaulere. Woyimba akhoza kukupatsani chithunzi chake ndi mtima wonse, koma mwini wake n'kukhala wojambula uja. Pemphani chilolezo cholembedwa, ngakhale uthenga wa pafoni womveka bwino umene mungasunge, ndipo dzina la wojambula lilembedwe m'mbali mwa chithunzi. Oyimba akuno ambiri amavomera mosavuta mawu awo kusindikizidwa chifukwa kumawatsatsa, koma funsani ngati analemba okha. Nyimbo zakunja musasindikize mawu ake onse popanda chilolezo. Apa pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso ku Lilongwe, akakulongosolereni. Kumbukiraninso kuti zofalitsa zotuluka nthawi ndi nthawi zimalembetsedwa ku National Archives, yomwe ili komweko ku Zomba, ndipo amafuna kope la zimene mwasindikiza.

Chomaliza ndi cholemera kuposa zonsezi. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutanthauza pafupifupi owerenga anu onse. Chithunzi cha mwana chisalowe popanda chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo pasukulu yambani mwadzera kwa ahedi. Musasindikize nambala ya foni ya mwana, kapena dzina lake lonse pamodzi ndi sukulu ndi chithunzi, ngakhale iye mwini atakupemphani. Tsamba lofunirana abwenzi lisakhalepo, chifukwa magazini imagwiridwanso ndi akuluakulu a zolinga zina. Otsatsa malonda amene adzabwere msanga ndi ndalama m'manja ndi a mowa ndi a juga ya mpira. Akanireni, ngakhale kope lichedwe, mufune a mabuku, a zovala, a makoleji, a mabanki kapena a mafoni. Mukamalemba za mikangano ya oyimba, lembani zimene munthu wanena yekha ndipo muli nazo pa rekoda. Nkhani yonena kuti wakutiwakuti anaba nyimbo kapena anachita zakuti ionedwe ndi loya kapena mkonzi wodziwa ntchito isanapite ku makina.

Mukadzatsegula tsamba la makalata, dziwani kuti si onse adzalemba za nyimbo. Wina adzalemba za mphunzitsi amene akumuvutitsa, wina za mimba, wina zoti watopa ndi moyo. Makalata otero si oyankha m'magazini, ndiponso si ntchito ya inu atatu nokha. Gwirizanani ndi mlangizi wophunzitsidwa musanatulutse kope loyamba, ndipo pa tsambalo muzisindikiza nambala yaulere yothandizira ana ya 116, imene a YONECO amayendetsa.

Mukamaliza kuyala, sindikizani kope limodzi pa printer wamba, mulipinde, mupemphe mphunzitsi amene mumadziwana naye kuti alipereke kwa ana angapo a Fomu 2 ndi Fomu 3, anyamata ndi atsikana. Musawafunse ngati yakongola, adzakuyankhani mwaulemu kuti eya. Khalani chapatali muone tsamba limene atsegula koyamba, limene adumpha, ndi limene ayamba kulandana. Lodumphidwalo mulikonzenso kapena mulichotse, ngakhale likhale limene inuyo munalikonda kwambiri.